Ndalama za kafukufuku zikachepa tiyambire pati, mbewu, nthaka kapena nkhokwe?

Tadala_M

Moni nonse akuluakulu. Pali funso landisowetsa tulo sabata ino nde ndati ndilitule pano mwina mundigawireko nzeru. Ku sukulu atipatsa ntchito yoti tiyerekeze kuti ndife komiti yogawa ndalama za kafukufuku wa ulimi ndi chakudya, ndalamazo n'zochepa, ndiye tisankhe zinthu zitatu zokha zoti zithandize kuti anthu asamagone ndi njala pomwe nyengo ikusinthasintha chonchi. Poyamba ndimaona ngati n'zophweka, ndinangolemba kuti mbewu zopirira chilala basi nkhani yatha. Koma nditayamba kuwerenga mutu waima. Ena akuti vuto lalikulu ndi kutentha osati kuchepa kwa mvula kokha, ena akuti nthaka yaguga, ndiye ndapezanso kuti FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, inanena mu 2019 kuti pafupifupi 14 peresenti ya chakudya cha padziko lonse imawonongeka kuchokera pokolola mpaka chisanafike pogulitsira. Nde ndikudzifunsa kuti tithamangire kudzaza thumba pomwe thumbalo ndi lobooka pansi? Amene mwagwirako ntchito zimenezi, mukanakhala inu mukanayambira pati? Ndikufuna zifukwa osangoti mndandanda, aphunzitsi athu mndandanda amangoujambula mzere wofiira.

MkuluWaMbewu

Mwana wanga Tadala, yankho lako loyamba lija usalitaye, ungolikonza. Ine ndagwira zaka zambiri m'minda yoyeserera mbewu, ntchito yanga inali yovindikira ngayaye ndi timapepala n'kumathira mungu pa ndevu za chimanga ndi manja, ndiye ndikuuze zomwe maso anga anaona. Anthu tikamva kusintha kwa nyengo timangoganiza za mvula, koma mdani amene akubwera mwakachetechete ndi kutentha. Chimanga chikhoza kukhala chobiriwira bwinobwino, chinyontho chilipo m'nthaka, koma kukatentha kwambiri sabata yomwe chikumasula ija mungu umafa msanga ndevu nazo zimauma zisanalandire kanthu. Ifeyo timadziwa kuti mungu uzitengedwa m'mawa, ukachedwa dzuwa likakwera wagwira ntchito yaulere. Ndiye pokolola ukasenda chisononkho ukupeza njere apa ndi apo ngati mkamwa mwa nkhalamba, phesi lonse lalitali lokongola koma mkati mulibe kanthu. Mlimi amangoti mbewu iyi ndi yabodza pomwe vuto linali masiku anayi okha otentha.

Izi sizongoona ine ayi. Mu 2011 wofufuza wina dzina lake David Lobell ndi anzake anasanthula zotsatira za minda yoyeserera chimanga yoposa 20,000 ya mu Africa, anapeza kuti digiri iliyonse yopitirira 30 ikakhala tsiku lathunthu imadula zokolola ndi 1 peresenti mvula ikakhala bwino, koma pa chilala imadula 1.7 peresenti. Kafukufuku wina wa 2017 anawerengera kuti dziko likatentha ndi digiri imodzi chimanga chimatsika ndi 7.4 peresenti, tirigu 6, mpunga 3.2, soya 3.1, ngati sitisintha kalikonse. Nde choyamba changa ndi mbewu zopirira kutentha ndi chilala pamodzi, osati chimodzi chokha.

Koma pali kanthu kena anthu samakaganiza, nthawi. Kupanga mtundu watsopano wa mbewu mpaka ufike kwa mlimi zimatenga zaka 10 pena kuposa, ndiye ukuyesa mbewu pa nyengo ya lero yoti idzadzalidwe pa nyengo ina yotentherapo, uli m'mbuyo usanayambe n'komwe. Ndalama zina zipite kofupikitsa nthawi imeneyi. Ku yunivesite ya Queensland ku Australia anaonetsa kuti ukamayatsira tirigu magetsi maola 22 pa tsiku umatha kukolola mibadwo isanu ndi umodzi pa chaka chimodzi. Ndipo ukafuna chitsanzo choti mbewu imapulumutsadi anthu ulembe za mpunga wa Swarna-Sub1 womwe unatulutsidwa ku India mu 2009, umamira m'madzi osefukira mpaka pafupifupi masabata awiri madzi akaphwa n'kudzukanso. Mphamvu imeneyo a bungwe lofufuza za mpunga la IRRI ndi anzawo sanaipange okha, anaitenga mu mpunga wamakolo wotchedwa FR13A womwe alimi a ku Odisha ku India komweko ankalima kalekale. N'chifukwa chake nkhokwe zosungira mitundu ya mbewu ndi zofunika, ya ku Svalbard ku Norway, yosunga mbewu zochokera m'maiko ambiri, inatsegulidwa mu 2008, ndipo nkhondo ya ku Syria itasokoneza nkhokwe ya ku Aleppo ya bungwe lofufuza za ulimi wa m'madera ouma la ICARDA, a bungweli anakatapa mbewu zawo ku Svalbard mu 2015 n'kukadzalanso ku Lebanon ndi ku Morocco.

Nachisale

Achimwene a Mbewu mwalankhula bwino ndithu, za mungu zo ndaphunzirapo, koma mundilole nditsutseko pang'ono poti ine ndinali mbali inayo, ndinali mlangizi, amene ndimanyamula mbewu zanuzo kupita nazo kwa alimi n'kukalandira matukutuku ake kkkk.

Mbewu zabwino zilipo kale zambiri, zina zangokhala m'mashelefu ndi m'malipoti, alimi akudzalabe mitundu yomwe inatuluka iwo ali ana. Funso loti n'chifukwa chiyani sakuzitenga nalonso ndi kafukufuku, koma ndi amene amapatsidwa zotsalira. Ndikupatseni chitsanzo. Chaka china tinabweretsa mtundu wina wocha msanga, m'munda wachionetsero unabereka moti aliyense amaima kuonerera, chaka cha ng'amba chimenecho. Tinalemba lipoti lokoma. Chaka chotsatira ndikuyendera alimi omwe aja ndikupeza ambiri abwerera ku mbewu yawo yakale. Ndinafunsa mayi wina kuti chavuta n'chiyani, sanandiyankhe, anangolowa m'nyumba n'kutulutsa thumba, anapisamo dzanja kutulutsa ufa wokhawokha anankafumbwe akuyenda pa zala. Njere zake zinali zofewa, makoko osatseka bwino kunsonga, miyezi itatu yokha zonse fumbi. Ife timayeza makilogalamu tsiku lokolola, iwo amayeza kuti chakudya chifika mwezi uti. Palibe amene anawafunsa amayiwo mbewuyo isanatuluke, ndipo nthawi zambiri pa misonkhano yosankha mbewu amene amalankhula ndi abambo pomwe amene amasunga ndi kuphika ali chete kumbuyo.

Nde Tadala mwanawe, ine choyamba changa ndi kafukufuku wochitira m'minda ya alimi enieni, pa nthaka yotopa ija, yopanda fetereza wokwanira, osati pa siteshoni pomwe munda umapaliridwa katatu ndi anthu olipidwa. Chachiwiri nthaka ndi madzi. Mbewu olo ikhale yopirira bwanji singamwe madzi omwe athamanga pamwamba kupita kumtsinje. Nthaka yokhala ndi manyowa ndi zinyalala zowolerana imasunga chinyontho masiku angapo owonjezera, ndipo ng'amba ya pakati pa dzinja kawirikawiri nkhondo yake imakhala ya masiku ochepa omwewo. Koma apa napo pakufunika kafukufuku woona mtima chifukwa timawauza alimi kuti phimbirani nthaka ndi mapesi pomwe mapesi omwewo ndi chakudya cha ng'ombe zawo, ndiye asankhe chiti? Zimagwira pena, pena ayi, ntchito ya ofufuza ndi kutiuza kuti zimagwira pati ndipo kwa ndani, osangoti njira imodzi dziko lonse.

Ukafuna chitsanzo chapamwamba yang'ana ku Niger. M'zaka za m'ma 1980 kudera la Maradi, Tony Rinaudo, katswiri wa ulimi wa ku Australia, ndi alimi a kumeneko anaona kuti zitsa zomwe anthu amadula chaka ndi chaka pokonza minda zinali mitengo yamoyo mizu ili pansi, kungosiya mphukira ziwiri zitatu n'kumazitengulira mtengo umabwerera. Lero akuti mahekitala pafupifupi 5 miliyoni abwerera mitengo mwa njira imeneyi, popanda nazale popanda kuthirira. Chomwe chinathandiza kwambiri n'choti alimi anayamba kuona mitengoyo ngati yawo osati ya boma. Imeneyo si nkhani ya mu labu, ndi nkhani ya malamulo ndi umwini wa malo, ndipo ofufuza za anthu ndi amene amazitulukira zoterezi.

Bambo_a_Yami

Inu nonse muli kumunda, ine ndiima pa msewu ndi pa msika poti funso lanena chakudya osati ulimi wokha. Munthu wa m'tauni alibe munda koma chilala chikagwa kutsidya la nyanja amachimva m'thumba. Mu 2010 ku Russia kunatentha koopsa tirigu n'kupsa, mu Ogasiti boma lawo linaletsa kugulitsa kunja, mitengo padziko lonse inakwera ndipo maiko ogula tirigu wambiri ngati Egypt anaona zakuda. India inachitanso chimodzimodzi mu Meyi 2022 kutatentha nthawi yomwe tirigu amakhwima, kenako mu Julayi 2023 inatseka mpunga woyera wosakhala basmati, pomwe dziko limeneli lokha limagulitsa pafupifupi 40 peresenti ya mpunga wonse wodutsa malire. Dziko lililonse likachita mantha limatseka chitseko, ndiye kuchepa kwa pang'ono kumasanduka njala yaikulu chifukwa cha mantha basi. Ndani akufufuza kuti nkhokwe za boma zizisunga zochuluka bwanji, zizitsegulidwa liti, nanga zigawo ziwiri zitatu zolima kwambiri zikalephera chaka chimodzi tichita bwanji? Tangoganizani kuti mpunga, tirigu ndi chimanga zokha zikupereka pafupifupi theka la mphamvu zomwe anthu timapeza ku zomera, mazira onse dengu limodzi. Mapira, mawere, chinangwa, khobwe zimapirira koma ndalama za kafukufuku zomwe zalandira n'zochepa poyerekeza, mpaka United Nations inachita kutcha 2023 chaka cha mawere ndi mapira kuti anthu akumbukire. Koma kukumbukira sikokwanira, pakufunika makina opunthira ndi okonolera, njira yothana ndi mbalame, ndi ogula, apo ayi mlimi sangalime chinthu chovuta kukonza chopanda msika.

Za thumba lobooka wanena Tadala zo ndi zoona ndipo amayi a Nachisale atsimikiza. Matumba a PICS omwe anapangidwa ndi a yunivesite ya Purdue ndi chinthu chosavuta, mapulasitiki awiri mkati saka kunja, ukamanga bwino mpweya umatha anankafumbwe n'kufa okha popanda mankhwala. Kafukufuku wotchipa koma wapulumutsa chakudya chambiri. Chinanso ndi chuku. Mbewu ikavutika ndi chilala m'munda kenako n'kukololedwa mvula ikugwa mosayembekezeka, chuku chotulutsa poizoni wa aflatoxin chimaswana, ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga choterechi. A bungwe lofufuza za ulimi la IITA anapanga Aflasafe, chuku china chopanda poizoni chomwe amamwaza m'munda kuti chilande malo a choipacho. Ine ndikanakhala pa komiti yanuyo ndalama yoyamba ikanapita ku zoumitsira ndi zosungira, chifukwa chakudya chimenecho chalimidwa kale, fetereza wathiridwa kale, thukuta lagwa kale.

Dzombe_77

Aaa nonse mwaiwala tizilombo eti. Mbozi za ntchemberezandonda zachilendo zija zinaoneka koyamba mu Africa chakumadzulo kumayambiriro kwa 2016, pofika 2018 zili ku India, 2020 zili ku Australia. Sikuti kusintha kwa nyengo ndi komwe kunaziwolotsa nyanja ayi, koma kukamafunda zimaswana msanga ndipo zimakhazikika malo omwe kale kuzizira kukanazipha. Dzombe la 2019 ndi 2020 lija linayambira ku chipululu cha Arabia komwe anamondwe awiri Mekunu ndi Luban anagwetsa mvula mu 2018 malo oti sikugwa mvula, linaswana palibe akuliona, pofika ku Kenya linali loipitsitsa pa zaka 70. Matenda a tirigu otchedwa blast anayambira ku Brazil mu 1985, 2016 ali ku Bangladesh, 2018 ali ku Zambia. Nde ulonda, anthu oyendera minda ndi kupereka lipoti msanga maiko n'kumauzana, n'zotchipa kusiyana ndi kupopera mankhwala pa ndege moto utayaka kale.

Koma chenicheni chomwe chimandinyansa ine ndi kaperekedwe ka ndalamako. Pulojekiti zaka zitatu, chaka choyamba kugula galimoto ndi kuchita mawekishopu, chachiwiri kudzala, chachitatu kulemba lipoti, basi atseka, choyezera mvula chija n'kusanduka chisa cha mavu. Nthaka imasintha pa zaka khumi, mungaione bwanji pa zitatu? Maiko a mu African Union anagwirizana okha kuti aziika osachepera 1 peresenti ya chuma chochokera ku ulimi mu kafukufuku wa ulimi, ambiri sanafikepo, ndiye mutu wa kafukufuku amasankha ndi mwini ndalama amene ali kutali.

MkuluWaMbewu

Mayi Nachisale mwandigwira pakhosi ndipo sindikana, nkhani ya makoko osatseka kunsonga ija ndikuidziwa bwino, tinkailemba pa fomu koma pa tsiku losankha aliyense maso amakhala pa sikelo. Chokhacho ndinganene n'choti vuto limenelo mankhwala ake si kusiya kupanga mbewu koma kuwalowetsa amayi ajawo m'munda woyeserera kuyambira chaka choyamba, asende okha, akonole okha, asunge miyezi isanu n'kutiuza. Malo ena ayamba kutero, amapatsa mlimi aliyense mitundu itatu yopanda maina kuti adzale pamunda pake n'kunena womwe wapambana ndi womwe walephera, alimi mazanamazana, zotsatira n'kuziphatikiza pa kompyuta. A Dzombe nanu za zaka zitatu zo mwalasa, ine ndinaonapo mizere ya mbewu yomwe tinaivutikira zaka zisanu ikufera m'chipinda chozizira chifukwa pulojekiti yatha palibe wolipira magetsi. Mpaka lero zimandiwawa.

Ndiwonjezere kamodzi koti Tadala akadabwitse nako aphunzitsi. Mpweya wa kaboni ukachuluka m'mlengalenga tirigu ndi mpunga zimatha kukula bwino koma njere zake zimachepa zinki ndi ayironi, zinaonetsedwa mu kafukufuku wa 2014 wa minda yomwe amaipopera mpweyawu dala. Ndiye kukhuta kuli apo thanzi lili apo, sikelo yokha siinganene zonse.

Nachisale

Zikomo achimwene povomera, ambiri a kumbali yanu amangoti alimi ndi osamva. Ndabweranso chifukwa ndinaiwala nkhani ya zanyengo, yomwe mwina ndi yomwe alimi amafunsa kwambiri kuposa zonse, kodi ndidzale liti. Kulengeza kuti chaka chino mvula ikhala yapakatikati mpaka yocheperapo m'chigawo chonse sikumuthandiza munthu amene wagwira mbewu m'manja mvula yoyamba yagwa usiku, iye akufuna kudziwa ngati ikubweranso masiku khumi akubwerawa kapena ndi yonamiza. Kuti ulosi ufike pamenepo pakufunika zoyezera zambiri pansi, ndipo Africa ndi kontinenti yomwe ili ndi masiteshoni a zanyengo ochepa kwambiri poyerekeza ndi kukula kwake. United Nations inalengeza mu 2022 kuti pofika 2027 munthu aliyense padziko akhale wofikiridwa ndi machenjezo a ngozi zanyengo, chabwino, koma uthenga wa pa foni ukafika mlimi alibe mbewu ina yocha msanga yoti asinthire, alibe ndalama, wangodziwa tsoka lake msanga basi.

Kuchepa kwa zoyezera komweku ndi komwe kumapha inshuwalansi ya mbewu. Maganizo ake ndi abwino, m'malo moyendera munda uliwonse amayang'ana mvula kapena kubiriwira kwa msipu pa setilaiti, ikatsika kufika pa mlingo wakuti amalipira onse, a bungwe lofufuza za ziweto la ILRI anayamba nayo ku Marsabit ku Kenya mu 2010 ya ziweto. Koma ine ndinakhalapo pa msonkhano wina wowawa, gulu la alimi lomwe ndinalilimbikitsa ndekha kuti lilowe inshuwalansi ya kampani ina, mbewu zawo zinapserera ndithu ndinaziona ndi maso anga, koma choyezera chinali kuseri kwa phiri komwe mvula inagwa bwino, ndiye pepala likuti kunalibe chilala palibe cholipira. Bambo wina wachikulire anangondiyang'ana n'kundifunsa kuti amayi, ndiye tikakolole ku choyezera kwanuko? Ndinasowa poyang'ana. Chaka chotsatira palibe ndi mmodzi yemwe amene analembetsa, ndipo ngakhale mbewu yomwe ndinabwera nayo anaikayikira. Ofufuza akonze kaye kusiyana kumeneku pakati pa zomwe makina akuona ndi zomwe zili m'munda asanatitume kukagulitsa zinthuzi kwa anthu.

Tadala_M

Eee zikomo kwambiri nonse, ndinabwera ndi chinthu chimodzi ndikubwerera ndi khumi pomwe akufuna zitatu kkkk. Pakadali pano ndalemba chonchi, choyamba mbewu zopirira kutentha ndi chilala koma zosankhidwa limodzi ndi alimi m'minda mwawo ndipo mapira, mawere ndi nyemba zikhalemo osati chimanga ndi tirigu zokha, chachiwiri kuumitsa ndi kusunga zokolola kuphatikizapo za chuku zija, chachitatu ndaphatikiza zoyezera nyengo ndi ulonda wa tizilombo poti zonse ndi nkhani yoona msanga ndi kuuza anthu msanga. Nthaka ndi yomwe yandisautsa, ndaisiya panja koma mtima sukuvomera, mwina ndiilowetse mu choyamba chija ndinene kuti minda yoyesererayo iziyesanso manyowa ndi mitengo. Za misika ndi kutseka malire a Bambo a Yami mundikhululukire ndaziika m'ndime yomaliza ngati chenjezo. A Dzombe mfundo yanu ya zaka zitatu ndaiika koyambirira penipeni, ndalemba kuti komiti yathu izipereka ndalama za zaka khumi ku zinthu zochepa m'malo momwaza pang'onopang'ono paliponse. Mayi Nachisale, nkhani ya bambo a choyezera aja mungandilole ndiigwiritse ntchito osatchula malo? Tikupereka Lachisanu.

Nachisale

Gwiritsa ntchito mwanawe palibe vuto. Koma nthaka usaibise m'kati mwa mbewu, aphunzitsi ako akaona. Ngati pali choti chituluke pa zitatuzo tikambirane mawa ndikaweruka, ine ndikadali kumbali ya nthaka.